Kodi munda wa paini nawo ndi nkhalango?

Funso: Ndikuphunzira za chilengedwe ndipo pali chimene chandizunguza mutu. Buku lina likuti nkhalango zikutha, pomwe lipoti lina likuti m'mayiko ena zikuchuluka. Nditafunsa anandiyankha kuti zimatengera nkhalango yake, poti akatswiri amazigawa potengera mmene anthu amazigwiritsira ntchito ndi kuzisamalira. Magulu amenewa ndi ati, ndipo munthu angadziwe bwanji gulu la nkhalango imene waimamo? Nanga paini wobzalidwa m'mizere naye tizimutcha nkhalango?

Yankho: Amene anakuyankhaniyo sananame, ndipo n'kutheka kuti bukulo ndi lipotilo zonse zikunena zoona. Dziko likhoza kugwetsa mahekitala 1,000 a nkhalango yakalekale n'kubzala bulugamu pa mahekitala 1,200, papepala n'kumaoneka ngati lapindula. Nkhani yagona pa mawu akuti nkhalango, amene ali ngati thumba lalikulu loponyamo zinthu zosiyana kwambiri.

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, FAO, ndi limene limasonkhanitsa ziwerengero za nkhalango kuchokera ku maboma. Kwa iwo nkhalango ndi malo oposa theka la hekitala, okhala ndi mitengo yotalika kupitirira mamita 5, imene nthambi zake zaphimba nthaka kuposa 10 peresenti, bola malowo asakhale munda wa mbewu kapena tawuni. Malo amene mitengo yangodulidwa kumene amawerengedwabe ngati akuyembekezeka kumeranso. Potsatira tanthauzo limeneli, lipoti lawo la 2020 linapeza mahekitala 4.06 biliyoni, amene ndi 31 peresenti ya mtunda wonse wa dziko lapansi. M'thumbamo muli nkhalango yaikulu ya Amazon ya ku South America, muli munda wa paini wa kampani yopanga mapepala, mulinso malo a zitsa zokhazokha amene macheka achokamo dzulo. Munda wa labala umalowa, pomwe wa kanjedza wa mafuta ndi wa zipatso umatsala kunja chifukwa umatengedwa ngati ulimi. Malire amenewa anachita kugwirizana anthu atakhala pansi, ndiye musadabwe mukaona kuti penapake akukhota.

Choncho kwa owerengera, paini wanu uja ndi nkhalango. Koma ine ndikalowa pakati pa mitengo ndimadzifunsa zitatu: anafesa mitengoyi ndani, munthu amachotsamo chiyani ndipo kangati, nanga watsalamo ndani. Magulu onse amene mungawerenge m'mabuku amachokera pa mafunso amenewa.

Funso loyamba limagawa nkhalango pawiri. Zilipo zomera zokha, zimene mbewu zake zinagwa mumtengo, kuuluka ndi mphepo, kunyamulidwa ndi mbalame, mileme ndi anyani, kapena kuphuka pazitsa. Mu lipoti la 2020 lija, zimenezi zinali 93 peresenti ya nkhalango zonse. Zotsalazo, 7 peresenti, ndi zobzalidwa ndi anthu.

Pakati pa zomera zokha, gulu lapamwamba ndi la nkhalango zachikhalire, zimene m'Chingelezi amati primary forest. Mitengo yake ndi ya komweko, mulibe zizindikiro zooneka bwino za ntchito ya munthu, ndipo zinthu zimayenda monga mwa chilengedwe chake. Mukalowamo mudzaona kuti mitengo si ya msinkhu umodzi. Pali zimphona zoti anthu asanu sangazikumbatire, pali yapakati, pali timbande todikira mumthunzi kuti chimtengo china chigwe kuti tione dzuwa. Chizindikiro chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi mitengo yakufa: ina itaima chiimire ndi mphako zake, ina itagona pansi ikuola, bowa atamera pamwamba. Alendo ambiri akaona zimenezi amati nkhalangoyi ndi yosasamalika. Komatu mumphakomo ndi mogona akadzidzi, njuchi ndi mileme, ndipo thunthu lowolalo ndi limene limadyetsa dothi. Nkhalango yosesedwa bwino ngati pabwalo imakhala kuti munthu wapitamo.

Mu 2020 FAO inapeza kuti zachikhalirezi zatsala mahekitala osachepera 1.11 biliyoni, ndipo 61 peresenti yake ili m'mayiko atatu okha: Brazil, Canada ndi Russia. Pakati pa 1990 ndi 2020 zinachepa ndi mahekitala 81 miliyoni. Gulu ili ndi lokhalo limene simungalibweze ndi nazale, ngakhale mutakhala ndi ndalama zotani.

Apa ndikuchenjezeni pang'ono, chifukwa ophunzira ambiri amaloweza kuti nkhalango yachikhalire ndi imene munthu sanapondemo. Yotereyo n'njosowa zedi. M'madera ambiri a Amazon, mukakumba pansi pa mitengo ikuluikulu mumapeza dothi lakuda lotchedwa terra preta, lodzaza makala, mafupa ndi mapale a miphika. Linapangidwa ndi anthu amene ankakhala kumeneko zaka mazanamazana Azungu asanafike. M'chigawo cha Acre ku Brazil, nkhalango itagwetsedwa panaonekera ngalande zazikulu zokumbidwa mozungulira ndi mwa makona anayi. Ku Petén m'dziko la Guatemala, nkhalango yowirira imene yazinga mzinda wakale wa Tikal inamera pa mabwinja ndi minda ya anthu a mtundu wa Maya, mizinda yawo itasiyidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ku Gabon, mtengo wa okoumé umene umagulitsidwa kwambiri kunja sumera mumthunzi, ndiye mukaupeza wambiri pamalo amodzi, kawirikawiri pamakhala kuti panali munda kapena malo oyera. Ngakhale Białowieża, m'malire a Poland ndi Belarus, imene imatchuka kuti ndi chotsalira cha nkhalango yakale ya m'zigwa za Ulaya, inapulumuka chifukwa mafumu ankaisungira uzimba wawo. N'chifukwa chake tanthauzo lija la nkhalango zachikhalire limati "zooneka bwino". Limavomereza kuti anthu anadutsamo ndipo ena akukhalamobe, kusaka ndi kutola zipatso, koma papita nthawi yokwanira kuti nkhalango idzilamulirenso yokha.

Palinso msampha wina. Nkhalango ikhoza kukhala ndi mitengo yake yonse, yosadulidwa ndi umodzi womwe, koma nyama zitatha ndi misampha ndi mfuti. Mu 1992 katswiri wina, Kent Redford, anaitcha nkhalango yopanda kanthu. Setilaiti imaiona yobiriwira bwinobwino. Koma mitengo yambiri ya kumadera otentha imadalira njovu, anyani ndi mbalame zikuluzikulu kuti zifalitse mbewu zake, ndiye zikachoka, mitengoyo imakalamba popanda woilowa m'malo. Funso lachitatu lija, lakuti watsalamo ndani, limagwira ntchito pamenepa.

Tikatsika sitepe imodzi timafika pa gulu lalikulu kuposa onse, limenenso ndi losokonekera kwambiri: nkhalango zomera zokha koma zooneka kuti munthu amagwiramo ntchito. Mumapeza zitsa, njira za mathirakitala, maenje owotchera makala, zipsera za moto. M'gulu limodzili muli nkhalango zosiyana ngati usiku ndi usana.

Muli zodulidwa mosankha, kumene ocheka amangotenga mitengo ya matabwa amtengo wapatali n'kusiya ina. M'chigwa cha Congo nthawi zambiri amatenga mtengo umodzi kapena iwiri pa hekitala, pomwe pa chilumba cha Borneo ku Asia, kumene mitengo yogulitsika imamera mothinana, ankatha kutenga khumi kapena kuposa. Kuonongeka kwenikweni sikuchokera pa mtengo wotengedwawo. Ukamagwa umathyola anzake, makamaka ngati wamangidwa nawo ndi zomera zoyanga. Thirakitala yokokera imaponda mbande ndi kulimbitsa dothi. Ndiye pali msewu, umene umatsala ocheka atapita, n'kukhala khomo la alenje, olima ndi moto.

Pamenepa ndi pamene ndimafuna ophunzira amvetse kuti kugwiritsa ntchito nkhalango ndi kuisamalira ndi zinthu ziwiri. Tiyerekeze nkhalango ziwiri zoyandikana, zonse zodulidwa. Mu yoyamba anayamba achita kalondolondo wa mitengo, kuyeza kunenepa kwake ndi kuika chizindikiro pa yoyenera kudulidwa yokha. Anasiya mitengo ya mbewu, anadula zoyanga kusanayambe kugwetsa, anasankha kogwetsera, sanayandikire mitsinje, ndipo atamaliza anatseka msewu kuti adzabwerenso patatha zaka 25 kapena 30. Mu yachiwiri aliyense amalowa tsiku limene wafuna, lero kutenga waukulu, mawa wotsatira, mpaka kutsala zitsamba. Pa mapu zonse ziwiri zimapakidwa mtundu umodzi. Patatha zaka 30 imodzi idzakhala ikuperekabe matabwa, inayo idzakhala tchire. Nkhalango zopitirira pang'ono theka padziko lonse ndi zimene zili ndi ndondomeko yolembedwa ya kasamalidwe. Mu 2020 ku Ulaya pafupifupi zonse zinali nayo, ku Africa sizinkakwana 25 peresenti, ndipo ku South America sizinkakwana 20 peresenti. Komabe pepala lokha silisamala mtengo. Ndondomeko ina imangogona m'kabati, pomwe anthu ena osunga nkhalango yawo mwa malamulo a makolo alibe chikalata chilichonse.

M'gulu lomweli muli nkhalango zomeranso pa tsala, pamalo amene anagwetsedwa kotheratu, n'kulimidwa, kenako n'kusiyidwa. Kumpoto chakum'mawa kwa United States, m'dera la New England, munthu amayenda m'nkhalango yowirira n'kukumana ndi mpanda wa miyala wopanda choteteza. Ndi malire a minda ya m'zaka za m'ma 1800, imene alimi anaisiya n'kupita kumadzulo ndi m'mafakitale. Nkhalango yotere imabwerera mofulumira pa zina, mochedwa pa zina. Kafukufuku wa ku Latin America wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti zimatenga zaka pafupifupi 66 kuti nkhalango yomeranso ifike 90 peresenti ya kulemera kwa mitengo ya m'nkhalango yakale. Koma kuti mitundu yeniyeni ya mitengo imene inalimo ibwerere, pamafunika zaka mazana. Imayamba ndi mitengo yofewa yokonda dzuwa, ndipo yolimba ya matabwa abwino imabwera mochedwa, ngati pafupi patsala nkhalango yoti ipereke mbewu.

Mulinso nkhalango za mphukira, zimene ine ndimazikonda chifukwa zimasokoneza maganizo oti munthu akachoka zonse zimakhala bwino. Mitengo yambiri ikadulidwa m'munsi siifa, imaphuka pachitsa. Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku England, France ndi Japan ankagawa nkhalango m'zigawo, chaka chilichonse n'kudula chigawo chimodzi kuti apeze nkhuni, makala ndi milimo, n'kudzabwereranso mphukira zitakula. Chitsa chodulidwa motere chimakhala moyo nthawi yaitali kuposa mtengo wosiyidwa. Ku Japan malo otere ozungulira midzi amawatcha satoyama. Malasha, mafuta ndi magetsi zitalowa m'malo mwa nkhuni, kudulako kunaleka, nkhalango zinachita mdima, ndipo maluwa ndi agulugufe amene ankadalira kuwala kwa m'zigawo zodulidwa kumene anayamba kusowa. Lero mabungwe osamalira chilengedwe akuyambiranso kudula dala. Ku England ali ndi gulu lawolawo la nkhalango zamakedzana, zimene zakhala pamalo pomwepo chiyambire 1600. Zambiri mwa izo zadulidwa kambirimbiri, koma dothi lake silinatembenuzidwepo ndi pulawo, ndipo kufunika kwake kwagona pamenepo.

Moto nawo ndi chida. Anthu oyambirira kukhala ku Australia ndi ku California ankatentha pang'onopang'ono pa nyengo yake, ndipo nkhalango zimene atsamunda anazipeza n'kuziyesa zachilengedwe zinali zoumbidwa ndi moto umenewo. Boma la United States litakhazikitsa mu 1935 lamulo lozimitsa moto uliwonse isanakwane 10 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, zinyalala ndi timitengo zinaunjikana kwa zaka zambiri, ndipo zimenezi ndi zina mwa zimene zikukolezera moto wolusa wa masiku ano.

Tsopano tifike pa paini wanu. Nkhalango zobzala, zimene mu 2020 zinali pa mahekitala pafupifupi 290 miliyoni, FAO imazigawa pawiri. Gulu loyamba ndi minda ya mitengo yeniyeni: mtundu umodzi kapena iwiri, msinkhu umodzi, mipata yofanana, ndi chisamaliro chonga cha mbewu yakumunda. Mbande zimachokera ku nazale, amapalira, nthawi zina amathira feteleza, amadulira nthambi, amapatulira, kenako amakolola zonse pakamodzi n'kubzalanso. Mu 2020 minda yotere inali pa mahekitala 131 miliyoni, 3 peresenti yokha ya nkhalango zonse. Ku Brazil bulugamu wopangira mapepala amakololedwa atatha zaka pafupifupi 7. Ku New Zealand paini wa radiata, amene kwawo ndi ku California, amadulidwa pakati pa zaka 25 ndi 30. Kuzindikira munda wotere sikufuna sukulu. Imani pamalo amodzi n'kutembenuka pang'onopang'ono, mudzaona mizere ikutseguka kutsogolo kwanu, ndipo pansi pali masamba okhaokha ndi bata.

Sindili m'gulu la onyoza minda imeneyi. Anthu amafuna matabwa, mapepala ndi mapolo, ndipo hekitala ya mitengo yobzala imatulutsa zochuluka kwambiri kuposa hekitala ya nkhalango yachilengedwe. Chimene ndimafunsa n'chakuti pamalopo panali chiyani kale. Paini wobzalidwa pa munda woguga ndi phindu. Paini wobzalidwa atagwetsa nkhalango yachikhalire ndi chitayiko chachikulu, ngakhale ziwerengero zisasinthe. Wobzalidwa m'dambo kapena pa udzu wachilengedwe nayenso amaononga, chifukwa malo a udzu ali ndi zamoyo zawozawo ndipo mitengo yokula msanga imamwa madzi ambiri.

Gulu lachiwiri ndi la nkhalango zobzala zimene zikakula zimafanana ndi zachilengedwe. Chitsanzo chosangalatsa ndi Tijuca, pakati pa mzinda wa Rio de Janeiro. Mapiri ake anali atametedwa ndi minda ya khofi mpaka mzindawo unayamba kusowa madzi, ndipo kuyambira 1861 anayamba kubzalamo mitengo, yambiri ya komweko, motsogozedwa ndi Manuel Gomes Archer, ntchito yambiri akuigwira akapolo. Mlendo wa lero sangakhulupirire kuti inachita kubzalidwa. Apa mutha kuona kuti nkhalango siikhala m'gulu limodzi mpaka kalekale. Ikhoza kukwera, ngakhale kuti kukwera kumatenga zaka zana pomwe kutsika kumatenga mwezi umodzi.

Germany ndiye ili pakatikati pa magulu awiriwa. Mu 1713 Hans Carl von Carlowitz, amene ankayang'anira migodi ku Saxony ndipo ankaona mitengo yochirikizira migodi ndi yosungunulira miyala ikutha, analemba kuti munthu asadule mitengo yoposa imene ikumera. Luso la zankhalango la masiku ano linaphukira pamenepo. Koma m'zaka zotsatira, kufuna matabwa owerengeka bwino kunachititsa kuti madera ambiri abzalidwe mtundu umodzi wa spruce, mtengo wofanana ndi paini, ngakhale m'malo otsika amene si kwawo. Chilala cha 2018 ndi zaka zotsatira chinaifoola, tizilombo toboola makungwa tinaimaliza, ndipo m'mapiri a Harz mitengo youma inaima ngati mapolo. Nkhalango imeneyi inali yosamalidwa kwambiri, yolembedwa mtengo uliwonse, komabe inali yosalimba. Ku Japan vuto lake ndi lina. Pafupifupi 40 peresenti ya nkhalango zawo ndi zobzala, zambiri nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ndipo matabwa akunja atatsika mtengo eni ake ambiri analeka kupatulira. Nkhalango yobzala ikasiyidwa siisanduka yachilengedwe tsiku lomwelo, imayamba yathinana n'kuchita mdima.

Kumapeto kwenikweni kuli mitengo yosakanikirana ndi ulimi, monga koko ndi khofi wolimidwa pansi pa mthunzi. Kawirikawiri siwerengedwa ngati nkhalango ngakhale mitengo ikhale yambiri. Ku Portugal ndi Spain kuli malo odyetsera ziweto okhala ndi mitengo ya oak imene amaisenda khungwa zaka 9 zilizonse, osaidula, kuti apange zitsekerero za mabotolo. Owerengera amavutika nawo malo amenewa, ndipo mpake.

Mukamawerenga mudzakumananso ndi magulu ena amene amayankha funso losiyana, lakuti nkhalangoyi inapatulidwira chiyani. Pofika 2020, mahekitala 1.15 biliyoni anali atapatulidwira kutulutsa matabwa ndi zina, ndipo 726 miliyoni, amene ndi 18 peresenti ya nkhalango zonse, anali m'malo otetezedwa ndi lamulo. Musasakanize ziwirizi. Kutetezedwa ndi zimene boma lalemba, pomwe uchikhalire ndi zimene zili pansi. Malo otetezedwa akhoza kukhala zitsa zokhazokha, ndipo nkhalango yachikhalire ikhoza kukhala yopanda lamulo loitchinjiriza. Akatswiri ena sakonda n'komwe kuika nkhalango m'mabokosi otere. Jaakko Jalas wa ku Finland mu 1955 anayambitsa njira yoika malo pa makwerero, kuchokera pa osakhudzidwa mpaka pa opangidwa ndi munthu kotheratu, ndipo ndimaona kuti imeneyi ili pafupi ndi zimene maso amaona. Ogwiritsa ntchito setilaiti nawo ali ndi muyeso wawo: dera la nkhalango losadukizidwa ndi msewu kapena munda, losachepera masikweya kilomita 500. Madera otere anachepa ndi 7.2 peresenti pakati pa 2000 ndi 2013.

Magulu amenewa tsopano alowa m'malamulo a malonda. Lamulo la European Union la 2023 lokhudza katundu monga matabwa, khofi, koko, soya, labala, ng'ombe ndi mafuta a kanjedza limati kusandutsa nkhalango yachikhalire kapena yomera yokha kukhala munda wa mitengo ndi kuononga nkhalango, ngakhale pamalopo pakhalebe pobiriwira. Tsiku loyambira kuwerengera ndi 31 Disembala 2020.

Tibwerere kwa buku lanu ndi lipoti lija. Pakati pa 2015 ndi 2020 dziko lapansi linkagwetsa mahekitala pafupifupi 10 miliyoni pachaka, koma mukachotsera zobzalidwa ndi zomeranso, kuchepa kwa pakati pa 2010 ndi 2020 kumatsika kufika 4.7 miliyoni pachaka. M'zaka khumi zimenezo China inkawonjezera pafupifupi mahekitala 1.9 miliyoni pachaka, kwambiri mwa kubzala, pomwe Brazil inkataya pafupifupi 1.5 miliyoni ndipo Democratic Republic of the Congo 1.1 miliyoni, zambiri zomera zokha. Wolemba buku lanu ankayang'ana zimene zikugwa, wolemba lipoti ankayang'ana chiwerengero chotsala atachotsera. Mukatsegulanso lipotilo, dumphani chiwerengero chachikulu cha patsamba loyamba, mufufuze tebulo limene lalekanitsa zachikhalire, zomera zokha ndi zobzala, ndipo muone mzere uliwonse pawokha kuyambira 1990.